Luzi la Achimwene Barinaba

Uthenga unandipeza ndikuponda dongo kuseri kwa nyumba, miyendo ili matope mpaka m'maondo. Foni inalira pampanda pamene ndinaikoloweka, ndipo ndinaidina ndi kachala kakang'ono, poti zala zinazo zinali dongo lokhalokha.

"Agogo, ndine Halima. Mayina atuluka. Anditenga. Ndikukaphunzitsa masamu ku sekondale, ku Dwangwa."

Ndinaimba nthungululu. Ndinaimba nkhuku zinabalalika, ndinaimba aneba anatuluka ndi ndowa poyesa kuti nyumba yapsa. Halima wanga, mwana wa Edina wanga, Halima wa choko m'manja! Sindinasambe n'komwe. Miyendo inanditenga yokha, kudutsa m'munda wa chinangwa, kudutsa pamjigo, kuti ndikauze achimwene. Ndinafika pansi pa mtengo wawo wa mango ndisanakumbuke kuti achimwene tinawaika m'manda dzinja lathali.

Ndiye ndinene za iwo, poti uthengawu unali wawo.

Dzina lawo la ubatizo linali Barinaba, koma kuno ku Mwadzama mukafunsa a Barinaba anthu ayamba aganiza kaye. Funsani a Kaluzi, ngakhale mwana akulozerani. Anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi athu, ine womaliza. Iwo anapita ndi sukulu mpaka anakhala mphunzitsi wa pulayimale, ine ndinapita ndi dongo, ndinakhala woumba mbiya. Jekete sankavula, ngakhale mu Okutobala dzuwa likusweka mutu. M'thumba la pachifuwa, mmene aphunzitsi anzawo amaikamo zolembera, iwo ankaikamo luzi lokulunga bwino.

Luzi limenelo linali la chinthu chimodzi: kupima mimba ya chilichonse chobulungira. Dzungu, lalanje, vwende, mpira wa ana, dzira la bakha. Akaona chinthu chobulungira, dzanja linkapita lokha m'thumba. Amazunguliza luzi pamimba pa chinthucho, amatsina ndi chikhadabo pamene lakumana, amayang'ana kumwamba milomo ikugwedera, kenaka amakuuza zomwe sunafunse.

Ankati diso ndi labodza pa zinthu zobulungira. Diso limaona kukula kwa mbali imodzi, pamene chinthucho chimakula mbali zitatu nthawi imodzi: uku, uku, ndi m'mwamba. Ankati luzi la chachikulu likakhala lowirikiza kawiri la chaching'ono, zam'kati si ziwiri ayi, koma ziwiri, kuwirikiza kawiri, kuwirikizanso kawiri, zikhale zisanu ndi zitatu. Iwo ankangoti eyiti. Likawirikiza katatu, ankati twente-seveni, n'kumaseka okha ngati atola chinthu pamsewu. Panalinso masamu ena a m'buku, oyambira pakatikati pa chinthu kufika pakhungu, ndi nambala ina imene ankati siitha, ungailembe mpaka choko chithe. Imeneyo ine inandidutsa pamwamba. Iwo ankati palibe kanthu, pofananitsa zinthu ziwiri nambalayo ili uku ili uko, luzi lokha likwana.

Ine eyiti ndinaikana. Ndinali nditangokwatiwa, ndikuumba pakhonde, iwo abwera kudzationa. Ndinati, "Achimwene, kawiri ndi kawiri basi." Anakwinya manja a jekete, anatapa dongo langa, dongo loponda kale, n'kubulungiza timipira tisanu ndi titatu tofanana, kalikonse ngati ndimu. Anapima kamodzi, anamanga mfundo paluzi. Kenaka anatiphatikiza tonse pamodzi, n'kubulungiza mpira umodzi. Ine ndikuti dongo langa, iwo akuti taona kaye. Anazunguliza luzi, ndipo linatha mfundo ija kawiri, osapitirira, osaperewera. Kuyambira tsiku limenelo ndikafuna kuumba mphika wokulirapo ndinkadziwiratu kuti dongo lipita lambiri kuposa mmene diso likunenera.

Kumsika ankachititsa manyazi. Tsiku lina bambo wina wa ku Dwambazi anaunjika mavwende, ang'onoang'ono atatu mulu umodzi, lalikulu lokha mulu wake, mtengo umodzimodzi. Achimwene anagwada n'kuyamba kupima. Wogulitsayo anawayang'ana, anawayang'ana, kenaka anati, "Bambo, mukugula kapena mukufuna kulisokera suti vwendelo?" Iwo osatekeseka. Anamuuza kuti luzi la lalikululo ndi kamodzi ndi theka la laling'ono, ndiye lalikulu liposa atatuwo ndi pang'ono, ndipo akudzibera yekha. Anagula lalikulu, analisenza monyadira mpaka kunyumba. Polidula, m'kati munali moyera, mosakoma ngati madzi a m'chithaphwi. Akazi awo, malemu alamu anga a Estere, anangoti, "Luzi lanulo sililawa?" Iwo anadya vwende lonse okha, kuti lisaoneke lotayika.

Nkhani ya zobulungira sankatha kuisunga m'kamwa. Pamaliro ankainena, paukwati ankainena, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero atangotha. Munthu akalakwitsa, amamukonza pomwepo, kaya ndi wamkulu kaya ndi mlendo. M'moyo wawo wonse ndinawaona akumeza eyiti kamodzi kokha, ndipo kamodziko ndi kamene kanatibalira Halima.

Achimwene anadwala mvula itangoyamba. Chifuwa, kenaka miyendo kutupa. Sanavute anthu. Halima atabwera kuchokera ku koleji kudzawaona kuchipatala, anawatengera malalanje awiri, lalikulu ndi laling'ono, dala. Iwo anasolola luzi pansi pa pilo, anazunguliza, koma zala zinakanika kumanga mfundo. Halima anamanga. Anamufunsa kuti laling'ono lingalowe kangati mu lalikulu, iye anayankha, iwo anagwedeza mutu n'kugona. Sabata yomweyo anatisiya.

Tsopano za kamodzi kaja.

Edina, mwana wanga wachisamba, anapeza mwamuna, Saidi, telala wa kutauni. Ife ndife a Angilikani kuyambira agogo athu, iwo ndi Asilamu kuyambira makolo awo a malonda. Uku kung'ung'udza, uko kung'ung'udza. Achimwene, monga amalume a mwana, anali nkhoswe ya mbali yathu. Anayenda maulendo ambiri panjinga mpaka anagwirizana ndi amalume a Saidi. Mowa usaoneke. Mbuzi azinge Msilamu wa kwawo. Thobwa la tsiku la chinkhoswe mbali iliyonse ibweretse lofanana ndi la inzake, kuti wina asadzanene kuti anadyetsa mnzake.

Ine ndinati thobwa la mwana wanga silingakhale mu mtsuko wakale. Ndinaumba watsopano. Ndinaumba mtsuko, mtsuko wa moyo wanga, wamimba yobulungira ngati mwezi, wakukamwa kwakung'ono, makoma opyapyala. Nditauwotcha unatuluka wopanda mng'alu, ukaugogoda unkalira ngati belu. Ndinaphika thobwa la mawere, ndinaudzaza mpaka m'khosi, ndinauika pankhata pakati pa bwalo kuti aliyense auone.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Patsogolo panali amayi ake a Saidi, a Mwanaisha, mayi wamasiye, wamtali, wosaseka wamba. Pambuyo pawo amayi anayi, aliyense kamtsuko pamutu, kovindikira ndi nsalu yoyera. Anatula timitsuko tinayi pafupi ndi wanga. A Mwanaisha anayang'ana tawo, anayang'ana wanga, anayang'ana kukhonde ngati kukubweranso ina. Sikunabwere kanthu.

"Ina ili kuti?" anafunsa.

Ndinati, "Ndi womwewu, amayi."

"Umodzi? Ife tasenza inayi kuchokera kutauni, dzuwa lonseli, inu umodzi? Tinapangana zofanana. Ngati simukutifuna, nenani, tisavutike ndi kuvula nsapato."

Anakuwa, bwalo lonse linamva. Anamanga nsalu m'chiuno, anati, "Saidi, nyamuka." Saidi anali atakhala pamphasa, anayamba kufunafuna nsapato ndi maso. Edina anali m'nyumba, ndinaona zala zake zokha zitagwira chitseko.

Ine mumtima ndinasekera. Ndinati mayi uyu sadziwa kuti wafika pamudzi pa a Kaluzi. Mtsuko wanga ndinkaudziwa, ndinaudzaza ndekha. Ndinayang'ana thumba la achimwene, ndipo dzanja lawo linali litapita kale. Anadzuka, anagwada pa timitsuko ta alendo ngati akuyamikira kaumbidwe, anazunguliza luzi pa kamodzi, anatsina. Anazunguliza pa wanga. Anapinda luzilo pawiri, ndipo ine ndinaona ndi maso anga kuti lakumana ndendende. Milomo yawo inagwedera. Ndinati nenani, achimwene, nenani eyiti, bwalo lonse limve.

Anakulunga luzi, analibwezera m'thumba.

"Amayi," anatero, "khalani pansi pang'ono, mwayenda mtunda. Ine sindiweruza ndi maso. Tiyambe tamwa lanu, poti ndinu alendo. Timitsuko tikatha, tithiremo lathu, thobwa liyankhe lokha."

A Mwanaisha anakhala, koma m'mphepete mwa mphasa, nsalu ili chimangire. Anthu anamwa la alendo mpaka timitsuko tinauma. Kenaka achimwene anatenga chikho okha, ntchito ya amayi, mwamuna wajekete. Anagwada atafulatira anthu, msana wawo utaphimba kukamwa kwa mtsuko. Anadzaza koyamba, kachiwiri, kachitatu. Pa kachinayi anayamba kukhula chikho m'mbali mwa mtsuko, kuti chimveke ngati chikukhula pansi. Anadzaza, anavindikira mtsuko wanga ndi mbale.

"Tinayi tanu, tinayi tathu. Zafanana."

Amalume a Saidi anadabwa. Anati, "Chimtsuko chonsechi, tinayi basi?"

Achimwene anati, "Mlongo wangayu amaumba mochindikala. Kunja kukula, m'kati kuchepa."

Anthu anaseka. Anaseka amayi a m'mudzi mwathu, amene ankagula mbiya zanga. Ine nkhope inatentha. Achimwene anakumbatira mtsuko, anaunyamula mwamsangamsanga ngati dengu lopanda kanthu, anayamba nyimbo ya kutchalitchi, n'kuyenda nawo mowongoka mpaka kuseri kwa nyumba. A Mwanaisha anamasula nsalu m'chiuno, anasunthira pakati pa mphasa. Chinkhoswe chinapitirira.

Ndinawatsatira. Ndinawapeza atagwada pafupi ndi nkhokwe, thukuta lili kamukamu, dzanja limodzi pamsana. Ndinavundukula mbale. Thobwa linali theka, mwinanso kuposa.

"Achimwene, mwandinyoza pamaso pa anthu. Mtsuko uwu ndi eyiti, inu mukudziwa."

"Ndi dongo lako lopyapyalali, mwinanso nayini."

"Nanga mwanamiranji?"

"Tsitsa mawu, Nabanda. Mayi uja mpunga wake wonse wapita ndi madzi chaka chino. Chimera cha timitsuko tinayi wachita kupempha kwa abale, amalume a mnyamata anandinong'oneza. Wakuwa kale pamaso pa anthu ake. Ndikati eyiti, ndiye kuti iye wabweretsa theka. Sakhalanso pamphasa paja, abwerera, ndipo mwana wake apita naye. Ukufuna eyiti kapena ukufuna mkamwini?"

Anayesa kudzuka, analephera.

"Tandigwira dzanja. Msana wakana."

Dzanja ndinawapatsa, mawu ndinawamana. Ndinawamana nthawi yokolola, ndinawamana nthawi ya mwera, ndinawamana mpaka mvula inagwanso. Kumsika amayi ankagogoda mbiya zanga n'kumafunsa, "Iyi si yochindikala ngati ya pachinkhoswe ija?" Ena ankapita kwa woumba wina. Ine kukamwa kunali komangika, poti kudziyeretsa kunali kuulula. Achimwene ankabwerabe Lamulungu lililonse, amakhala pakhonde, amapima maungu anga, amalankhula okha, amapita. Tinayambanso kulankhulana tsiku limene Edina anachira, atabadwa Halima. Anafika kuchipatala akuwerama, anayang'ana kamutu ka mwana, dzanja linapita kuthumba. Ndinati, "Mukangoyerekeza!" Tinaseka tonse, nkhani inathera pomwepo.

Msanawo sunawongokenso bwino. Anthu akafunsa, ankati ndi kuwerama pa madesiki a ana zaka zambiri. Pampando wawo wa pansi pa mango anakhomerapo thabwa lopendekeka kuti azitsamira. Pamenepo ndi pamene Halima anakulira nthawi ya tchuthi, atakhala pansi, manja ali dongo langa, akubulungiza timipira. Ana ena ankathawa akaona luzi likutuluka. Iye ankalilanda. Asanafike sitandade faifi ankadziwa kale twente-seveni, ndipo ankakangana nawo za khungu la lalanje, kuti lichotsedwe kaye asanapime. Za mtsuko sanamuuzepo. Inenso sindinauze munthu, ngakhale Edina.

Loweruka lapitali tinachita chisangalalo. Ndinatulutsa mtsuko womwe uja, umene wakhala pakona ya nyumba zaka zonsezi ukusunga madzi akumwa. Ndinaphika thobwa, ndinaudzaza mpaka m'khosi, ndinauika pankhata pansi pa mango wa achimwene. Asewere anga a Mwanaisha anatsika minibasi pamsewu waukulu, anabwera pa kabaza, ndodo m'dzanja, chinthu chokulunga m'nsalu pamiyendo. Atakhala pamphasa anamasula. Kanali kamtsuko kamodzi mwa tinayi tija, kakuda ndi ukalamba, kobenthuka pamlomo.

"Tinato tinasweka," anatero. "Aka ndimasungiramo mchere. Ndakatsuka. Halima, aphunzitsi, tabwera kuno. Kamtsuko aka kangalowe kangati mu uwo wa agogo ako?"

Halima analowa m'nyumba ya malemu, anatenga luzi pamsomali pamene tinalikoloweka. Anapima aka, anapima uwo, anapinda pawiri.

"Eyiti, agogo. Ndi kena pamwamba, poti luzi lapima kunja, ndipo makoma amadya malo ambiri pa kakang'ono kuposa pa waukulu."

"Thira tione. Uziwerenga mokweza."

Halima ankatunga ndi chikho, akadzaza kamtsuko amakhuthulira m'mabeseni a alendo. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanayi. Amayi achikulire amene analipo pachinkhoswe chija anayamba kuyang'anana. A Mwanaisha anati, "Pitiriza." Ana anayamba kuwerengera limodzi, kasanu, sikisi, seveni, eyiti, ndipo chikho chinali chikadatungabe. Kachisanu ndi chinayi kamtsuko kanadzaza mpaka pakati, pamenepo mpamene chikho chinakhula pansi penipeni.

Asewere anagogoda ndodo pansi.

"Imvani nonse. Asewere angawa saumba mochindikala, sanaumbepo mochindikala. Tsiku la chinkhoswe cha ana athu ine ndinabweretsa theka, n'kukuwa ngati ndabweretsa zonse."

Ndinati, "Asewere, anakuuzani ndani?"

"Ndani angandiuze? Ndinaona ndekha. Munthu wonyamula mtsuko wopanda kanthu satupa mitsempha ya m'khosi. Anadutsa pafupi ndi ine akuimba, koma ine ndinamva thobwa likumenya m'mbali."

"Nanga munakhaliranji chete?"

"Munthu akuthyoka msana kuti ine ndisachite manyazi, ndikanatani? Ndinamasula nsalu, ndinakhala pansi. Ndimati ndidzamuthokoza tsiku lina tili awiri. Tikakumana iye amangoyamba za mavwende."

Saidi anaseka mpaka anapukuta maso ndi kofia. Edina anandiyang'ana, anati, "Amayi, zaka zonsezi?" Halima anakulunga luzi bwinobwino mmene ankakulungira eni ake, n'kuliika m'thumba la bulauzi. Ine ndinaimbanso nthungululu, yachiwiri sabata imodzi, ndipo asewere anailandira ndi mawu awo osasa.

Amene anabwera kudzasangalala ndi awa. Anabwera a Mwanaisha ndi kamtsuko kawo. Anabwera Saidi ndi Edina, ndi ang'ono ake a Halima, Yusufu, Marita ndi Amina. Anabwera a Shaibu, amalume a Saidi aja, maso atachita khungu koma makutu ali bwino. Anabwera a Nasimoni ndi a Gelesi, amene ankagogoda mbiya zanga, ndipo a Gelesi anaitanitsa mtsuko pomwepo. Anabwera a Fanuwelo a kwaya ndi ng'oma yawo, a Asiyatu ndi dengu la zitumbuwa, a Wilisoni asodzi ndi chambo chowamba. Anabwera Lute ndi Samuyeli, ana a malemu, Samuyeli kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa, ndipo wati Halima azikagona kwawo mpaka apeze nyumba. Anabwera a Patuma, a Joisi, a Kasimu a kabaza, ndi ana a m'mudzi onse amene anamva fungo la mbuzi.

Mipando inaperewera, ena anakhala pamizu, ena pa njerwa. Mpando wa thabwa lopendekeka unali pomwepo, patsinde pa mango, miyendo yake italowa m'dothi mmene anausiyira. Palibe anakhalapo. Mango awiri anali atagwera pambali pake, lalikulu ndi laling'ono, ndipo anakhala pomwepo osapimidwa mpaka anthu anabalalika.